Waganyu amene anajambula milungu

Pa zithunzi zonse zimene a Jack Kirby, wojambula makomiki wa ku America, anajambula m'zaka zoposa 50 za ntchito yawo, chimene ndimabwererako kawirikawiri chilibe munthu wouluka, chilibe chilombo, chilibenso makina. Ndi msewu chabe. Chimadzaza masamba awiri oyang'anizana m'kankhani kakafupi kotchedwa Street Code, kamene anakajambula mu 1983 koma kanadzasindikizidwa mu 1990 m'magazini ya Argosy. Msewuwo ndi wa ku Lower East Side, mumzinda wa New York, kumene anakulira. Anthu ali piringupiringu, ngolo za malonda zapanikizana, nyumba zosanjikizana zatsekereza thambo, ana ali yakaliyakali m'miyendo ya akuluakulu, ndipo palibe kadanga n'kamodzi komwe kamene diso lingapumirepo. Anachisiya m'pensulo, osapaka inki kapena utoto, moti ukachikulitsa pa kompyuta umaona pamene dzanja linadinikiza ndi pamene linangodutsa mopepuka. Anali atapitirira zaka 60, akukhala kutali ku California, koma msewu wa ubwana wawo anautulutsa m'mutu wonse wathunthu, ndi phokoso lake lomwe.

Ambirife Thor, Hulk, X-Men ndi Black Panther tinawadziwira m'mafilimu, ndipo dzina limene tinamva ndi la a Stan Lee, agogo a magalasi aja amene ankatulukira kamphindi m'mafilimu a Marvel. Inenso ndinalowera khomo lomwelo. Nditayamba kufunafuna makomiki akale amene mafilimuwo anachokerako, dzina lina linkangobwerabwera patsamba loyamba, pamzere wa wojambula. Ndinalitsatira dzinalo kuchokera m'mabuku a 1941 mpaka a 1985, ndipo ndinatsimikiza kuti bambowa sankangokongoletsa nkhani za anzawo. Nkhanizo ankazilemba okha ndi pensulo, kabokosi ndi kabokosi, ndipo milungu yawo yonse ija, ngakhale ivale zitsulo zonyezimira chotani, ndi anthu a mumsewu umene uja ndi a kunkhondo imene anakamenya.

Anabadwa pa 28 August 1917, dzina lawo lili Jacob Kurtzberg. Makolo awo anali Ayuda ochokera ku Austria, ndipo bambo ankagwira ntchito m'fakitale yosoka zovala. M'dera limenelo anyamata a msewu umodzi ankamenyana ndi a msewu wina, nthawi zina mpaka pamadenga a nyumba, ndipo mwana wamfupi ngati iwo anayenera kudziwa kuponya chibakera. Kujambula anadziphunzitsa okha poonera zojambula za m'nyuzipepala za anthu ngati Alex Raymond, Hal Foster ndi Milton Caniff. Kusukulu ya zaluso ya Pratt Institute analowako, koma mwa kunena kwawo anakhalako mlungu umodzi basi. Mu 1936 anayamba kujambulira Lincoln Newspaper Syndicate, kenako anakagwira kwa Fleischer Studios, kumene ntchito yawo inali kujambula zithunzi zapakati zopangitsa Popeye kuoneka ngati akuyenda. Sanakhalitseko. Ankati malowo ankawakumbutsa fakitale ya bambo awo, kungoti m'malo mwa zovala ankatulutsa zithunzi.

Zinthu zinatseguka atakumana ndi a Joe Simon cha mu 1940. A Simon anali odziwa kukambirana ndi mabwana, a Kirby anali ndi dzanja lachangu, ndipo awiriwa anayenda limodzi zaka pafupifupi 15. Mu December 1940 anatulutsa buku loyamba la Captain America kukampani ya a Martin Goodman yotchedwa Timely, imene patsogolo pake inadzasanduka Marvel. Pachikuto, ngwaziyo ikumenya Adolf Hitler chibakera cha pachibwano. Tsikulo n'lofunika kulisunga: dziko la America linali lisanalowe nkhondo, ndipo linadzalowa patatha chaka, Pearl Harbor itaphulitsidwa mu December 1941. Ku New York kunali anthu ambiri okonda chipani cha Nazi, ndipo makalata ndi mafoni oopseza anayamba kufika kuofesi mpaka apolisi anachita kuikidwa pakhomo. Anyamata awiri achiyuda ananena maganizo awo poyera pa buku la masenti 10, ndipo bukulo linagulidwa pafupifupi makope 1 miliyoni.

Ukatsegula mabuku amenewo lero, chimene chimakugwira ndi kayendedwe. Ojambula ambiri a nthawiyo ankaimika anthu m'timabokosi mwaulemu, aliyense pamalo pake. Anthu a Kirby sakwana m'kabokosi. Mwendo watulukira kunja kwa mzere, chibakera chakula kuposa mutu chifukwa chikubwera kumaso kwako, ndipo amene wamenyedwa m'kabokosi aka umamupeza m'kabokosi kotsatira ali pamene mphamvu ya nkhonyayo ikanamugwetsera. Ndewu yake ndi ya munthu amene anamenyapo ndi kumenyedwapo. Atangotulutsa mabuku 10, anakangana ndi a Goodman pa nkhani ya gawo la phindu limene analonjezedwa, ndipo anasamukira kukampani imene lero timaitcha DC. Mpando wa mkonzi ku Timely unatsalira mnyamata amene ankawathandiza timantchito ta muofesi, wachibale wa akazi a Goodman, dzina lake Stanley Lieber. Ameneyo ndiye Stan Lee.

Mu 1942 anakwatira a Roz Goldstein, ndipo mu June 1943 anaitanidwa kuusilikali. Anatsika pagombe la Omaha ku Normandy, m'dziko la France, mu August 1944, patadutsa miyezi iwiri ndi theka chichitikireni nkhondo yaikulu ya pagombepo, ali m'gulu la asilikali oyenda pansi la General Patton. Ankasimba kuti mkulu wina wa asilikali atamva kuti uyu ndi amene amajambula Captain America, anawapatsa ntchito yokazonda: kulowa m'midzi ndi m'matauni anzawo asanafike, kuona kumene adani ali, n'kujambula mapu. Luso limene ankaganiza kuti liwapulumutsa ndi limene linawaika patsogolo penipeni. M'nyengo yozizira ya 1944 miyendo yawo inauma ndi chisanu, anagonekedwa m'chipatala ku London, ndipo madokotala anaganizapo zoidula. Inapulumuka. Anatuluka usilikali mu July 1945, koma nkhani za kunkhondo sanaleke kuzisimba mpaka imfa yawo, ndipo m'mabuku awo msilikali samwetulira pomenya nkhondo. Amakhala wotopa, wauve, maso ali tong'o.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti ndalama zenizeni zoyamba anazipeza pa nkhani zachikondi. Mu 1947 iwo ndi a Simon anayambitsa Young Romance, ndipo makampani ena onse anathamangira kutengera. Koma mu 1954 bizinesi yonse ya makomiki inagwa chagada. Dokotala wina wa zamaganizo, Fredric Wertham, anafalitsa zoti makomiki akuwononga ana, aphungu a nyumba ya Senate anaitanitsa osindikiza kuti akayankhe, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Comics Code loyang'anira zimene zingasindikizidwe. Kampani yaing'ono imene awiriwa anali atangoyambitsa, Mainline, inafera m'mazira. A Simon analowera kwina. A Kirby anabwerera ku DC, kumene anapanga Challengers of the Unknown mu 1957, koma kumenekonso anakangana ndi mkonzi Jack Schiff pa ndalama za nkhani ya m'nyuzipepala yotchedwa Sky Masters, mlandu unapita kukhoti, ndipo unawagomera. Khomo la DC linatsekeka. Kunatsala kwa a Goodman komwe kuja, kumene malipiro anali otsika ndipo kampani inali ikupuma wefuwefu.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. A Kirby sankalandira malipiro a pamwezi. Ankalipidwa pa tsamba, monga waganyu amene amalipidwa pa mzere umene walima, zokolola zili za mwini munda. Panalibe penshoni, panalibe inshulansi ya kuchipatala, ndipo tsamba likangoperekedwa, zonse zili pamenepo zinkakhala za kampani. Kunyumba kunali mkazi ndi ana anayi. Choncho ankakhala m'kachipinda kapansi ka nyumba yawo ku Long Island, ndudu ili pakamwa, kujambula mpaka usiku, masamba anayi kapena asanu patsiku pamene anzawo ankavutika kumaliza awiri. Mantha a umphawi umene anauona ali mwana ndi amene ankayendetsa dzanja lija. Sindikunena zimenezi pofuna kuchepetsa luso lawo. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti munthu wothamangitsidwa chonchi, amene akanatha kungobwereza zomwezomwezo n'kulandira ndalama yomweyo, ankabwera ndi chinthu chatsopano mwezi ndi mwezi.

Taonani mmene zinatsatanirana. Fantastic Four inatuluka mu November 1961, Hulk mu May 1962, Thor mu August chaka chomwecho, ndipo Avengers ndi X-Men zinatuluka pamodzi mu September 1963. Mabuku a Fantastic Four okha anajambula 102 motsatizana, osadumphitsa.

Kagwiridwe ka ntchito ku Marvel kanali kosiyana ndi kwina. Kumakampani ena wolemba ankalemba zonse, kabokosi aka muchitike chakuti, uyu anene chakuti, wojambula n'kutsatira. A Lee anali ndi mabuku ambiri oti ayang'anire, choncho ankangokambirana ndi wojambula mutu wa nkhani, nthawi zina mawu ochepa chabe, wojambulayo n'kupita kunyumba kukapanga masamba 20. Ndani alowe liti, ndani alire, nkhani ikhotere pati, ithere pati, zonsezo zinkagamulidwa patebulo lojambulira. Masamba akabwera, a Lee ankalemba mawu a m'timabaluni. Umboni wake ulipo mpaka lero. M'mphepete mwa masamba oyambirira a zaka zimenezo muli timawu ta pensulo m'zilembo zikuluzikulu za a Kirby, tofotokoza chimene chikuchitika ndi chimene munthu aliyense akunena. Magazini ya The Jack Kirby Collector yakhala ikusindikiza zithunzi za masamba otere kuyambira 1994, ndipo ine ndimatha madzulo athunthu ndikuyerekeza timawu ta m'mphepeteto ndi mawu amene anasindikizidwa. Pena zimagwirizana ndendende. Pena a Lee anakometsa, anaika nthabwala pamene panali pouma. Pena anatembenuza tanthauzo, mkazi amene a Kirby anamujambula akudzipulumutsa yekha n'kupatsidwa mawu othokoza mwamuna.

Nkhani ya Silver Surfer anaisimba ndi a Lee eni ake. Anakambirana zoti Fantastic Four ikumane ndi Galactus, chimphona chodya maiko. Masamba a nambala 48 atafika mu 1966, munali munthu wasiliva akuuluka mumlengalenga pa thabwa, amene sanatchulidwepo pokambirana. A Kirby anangoti wamphamvu ngati Galactus sangayende wopanda mthenga womutsogolera. Mthenga ameneyo, amene akuphunzira chifundo kwa mkazi wakhungu n'kuukira mbuye wake, ndiye mtima wa nkhani yonseyo. A Lee anamukonda kwambiri moti mu 1968 anamupatsa buku lakelake, koma analipereka kwa wojambula wina, John Buscema, n'kusintha chiyambi chake, mwini wake osafunsidwa.

Sindili m'gulu la amene amati a Lee sanachite kanthu. Mawu awo anali ndi nthetemya, ankadziwa kucheza ndi owerenga, ndipo popanda iwo Marvel sikanamveka kutali chonchija. Koma pamzere wa wolemba pankalembedwa dzina limodzi, ndipo malipiro a wolemba ankapita kwa munthu mmodzi. Mu January 1966 nyuzipepala ya New York Herald Tribune inalemba nkhani yotamanda a Lee ngati mwini nzeru zonse, a Kirby n'kuwafotokoza ngati kapitawo wamng'ono wa m'fakitale. Akuti a Roz ndi amene anayamba kuiwerenga, ndipo chilonda chake sichinapole.

Ngati mukufuna buku limodzi la nthawi imeneyi, tengani Fantastic Four nambala 51. Tsamba loyamba ndi Ben Grimm, mmodzi wa anayiwo, munthu amene thupi lake linasanduka miyala, ataima yekha pamvula usiku, mapewa ali khoba. Palibe chimene akuchita, wangoima, koma usanawerenge liwu lililonse wadziwa kale zimene zili mumtima mwake. Wasayansi wina wansanje akumubera thupi lamiyalalo kuti akaphe Reed Richards, mtsogoleri wa gululo, koma ataona Reed akuika moyo wake pachiswe popanda womuonerera kapena womuombera m'manja, mtima ukutembenuka, ndipo akufa pomupulumutsa. Dzina lake silitchulidwa n'komwe m'bukulo. Ben Grimm ndi a Kirby eni ake: wamfupi, wojintcha, wa ndudu pakamwa, wolusa msanga koma wofewa mkati, wochokera ku Yancy Street imene ndi Delancey Street ya kwawo. M'zaka za m'ma 1970 anajambulapo khadi la banja la chikondwerero cha Hanukkah, Ben atavala kachipewa ndi nsalu ya mapemphero ya Ayuda.

Buku lotsatira, nambala 52 la July 1966, ndi limene linabweretsa T'Challa, Black Panther, mfumu ya Wakanda. Chipani cha Black Panther cha ku California chinadzayamba mu October chaka chomwecho, bukuli litatuluka kale. Monga munthu wa ku Africa ndimaliwerenga ndi mitima iwiri. Muli zinthu zimene mzungu wa ku New York wa nthawiyo ankaganiza kuti ndiye Africa: mikondo, ng'oma, zovala zosakanizasakaniza zosadziwika kwawo. Koma taonani chimene anachita ndi nkhalango. Alendo aja akulowa m'nkhalango ya Wakanda n'kupeza kuti mitengo ndi mapaipi, ziyangoyango ndi mawaya, maluwa ndi mabatani a makina, ndipo Reed Richards, amene amatengedwa kuti ndi wanzeru kuposa onse, akungoti kukamwa yasa. Mfumuyo sinawaitane kuti adzaipulumutse. Inawaitana kuti iyesere mphamvu zake pa iwo isanakumane ndi Klaw, mzungu amene anapha bambo ake pofuna kulanda mwala wa vibranium. Mlendo wobwera ndi mfuti kudzakumba chuma cha pansi pa nthaka ya eni, imeneyo ndi nkhani imene sitifunika kuifotokozeredwa, ndipo inalembedwa m'buku la ana la masenti 12 mu 1966.

Mu 1969 banja linasamukira ku California, ndipo mu 1970, atapatsidwa kontirakiti imene sinawapatse chilichonse mwa zimene ankapempha, anachoka ku Marvel kupita ku DC. Kumeneko kwa nthawi yoyamba dzina lawo linalembedwa kuti wolemba, wojambula ndiponso mkonzi. Anayambira pa buku la Jimmy Olsen, mnzake wa Superman, ndipo chifukwa chimene anasankhira limeneli chimandikhudza: linalibe wojambula wokhazikika, choncho palibe amene akanachotsedwa ntchito chifukwa cha kubwera kwawo. Mmenemo ndi mmene mdani wamkulu Darkseid anaonekera koyamba kumapeto kwa 1970. Mu 1971 anawonjezera mabuku atatu, New Gods, Forever People ndi Mister Miracle, onse anayi akusimba nkhani imodzi yaikulu kuchokera mbali zosiyana. Masiku ano zimenezi n'zofala, koma nthawiyo panalibe amene anayesapo pamlingo wotere.

Nkhaniyo ndi ya maiko awiri amene anabadwa milungu yakale itatha kuphana. New Genesis ndi lobiriwira, Apokolips ndi la maenje a moto ndi mafakitale, ndipo wolamulira wake ndi Darkseid. Mdani ameneyu sathamanga, sakuwa, kawirikawiri amangoima manja ali kumbuyo. Chimene akufuna si golide kapena malo. Akufuna chinsinsi chotchedwa Anti-Life Equation, chimene chingachotse mwa munthu aliyense mphamvu yodzisankhira, kuti pasakhalenso wina woganiza kupatula iye. Munthu amene anajambula Hitler akumenyedwa mu 1940, n'kukaona ndi maso ake zimene ulamuliro wotere unachita ku Ulaya, anali atafika pomvetsa kuti choopsa si nkhanza zokha ayi, koma kuti anthu ambiri amalakalaka wina awalamule kuti apume kuganiza. Pali mlaliki wa Darkseid dzina lake Glorious Godfrey amene amadzaza tenti ndi anthu wamba, n'kuwapatsa zipewa zachitsulo zobisa nkhope, kuwauza kuti akavala chimenechi chilichonse chimene angachite n'cholungama. Anthuwo amalandira mosangalala.

Pachimake pa zonsezi ndi New Gods nambala 7 ya 1972, nkhani yotchedwa The Pact. Izaya, msilikali wa New Genesis, akupuma m'munda ndi mkazi wake Avia pamene gulu la alenje a ku Apokolips likuwagwera. Avia akuphedwa. Izaya akubwezera, nkhondo ikukula, zida zikukulirakulira mpaka maiko athunthu akuponyedwa ngati miyala ndipo dzuwa likusandutsidwa bomba. Zonsezi anazikonza ndi Darkseid kuti adani ake a kwawo komweko athere kunkhondo, iye atenge mpando. Ndiyeno pakubwera masamba amene ndimawaona kuti ndi opambana pa ntchito yonse ya a Kirby. Izaya, wopambana nkhondo, akuyenda yekha m'dziko lake limene lasanduka chipululu, akuzindikira kuti wafanana ndi mdani wake, akuvula zida n'kuzitaya, akufuula m'mphepo. Akufika pa khoma loyera limene laima lokha pabwinja, ndipo dzanja lamoto likulemba pakhomapo. Aliyense amene anawerengapo buku la Danieli adziwa kumene chithunzichi chinachokera. Akubwerako ali Highfather, atanyamula ndodo ya mbusa m'malo mwa chida.

Mtendere ukugulidwa ndi ana. Mafumu awiriwo akusinthana ana awo aamuna. Mwana wa Highfather akuponyedwa m'nyumba ya ana amasiye ya Granny Goodness, gogo wankhanza amene amaswa ana mitima kuti akhale asilikali, ndipo akukula n'kukhala Scott Free, Mister Miracle, katswiri wothawa m'misampha, amene palibe unyolo ungamugwire. Mwana wa Darkseid, Orion, akufika ku New Genesis ali kamnyamata kolusa, mpeni uli m'manja, kufunafuna woti kamubaye. Highfather sakuitana alonda. Akutambasula dzanja lopanda kanthu n'kumuuza kuti asankhe. Kamnyamatako kakupereka mpeniwo. Orion akukula n'kukhala msilikali wamkulu wa dziko la mtendere, koma nkhope yake yeniyeni ndi ya bambo ake, ndipo amaibisa ndi kamakina kamoyo kotchedwa Mother Box. Ukali ukamugwira pankhondo, nkhope ija imabwerera. Ndikamuwerenga Orion ndimaona mwana wa mumsewu wa ndewu amene anapita kunkhondo n'kubwerako, akudziwa chimene chili mkati mwake, akuyesetsa tsiku ndi tsiku kukhala bambo wabwino m'nyumba yabata. Ndikamuwerenga Scott Free ndimaona munthu yemweyo akufunafuna potulukira. Ndipo Big Barda, mkazi wamphamvu amene amaima pakati pa Scott ndi aliyense wofuna kumupweteka, anthu amene ankalidziwa banjali amati khalidwe lake ndi la a Roz.

Pali amene amadandaula ndi mawu a m'mabuku amenewa, ndipo ndimawamvetsa. A Kirby sankalemba mosalala. Ziganizo zawo zimagundana, zizindikiro zofuula zili mbwee, mawu ena amawatsekera m'zizindikiro zogwira mawu popanda chifukwa chooneka. Poyamba zimakhumudwitsa khutu. Koma ukawerenga mokweza, umamva kuti ndi kalankhulidwe ka aneneri, kosafuna kukusangalatsa, ndipo kamagwirizana ndi zithunzi zake: zala zamakona, mawondo ngati zitsa, makina odzaza tsamba lonse amene sudziwa ntchito yake koma umakhulupirira kuti akugwira, ndi timadontho takuda tambirimbiri tosonyeza mphamvu ikuthetheka, timene ojambula mpaka lero amatitchula ndi dzina lawo. Mawu osalala pa zithunzi zoterezi akanakhala bodza.

A DC sanawasiye kuti amalize. Ngakhale pa Jimmy Olsen pomwe, nkhope za Superman zimene a Kirby ankajambula zinkafufutidwa n'kujambulidwanso ndi Al Plastino kapena Murphy Anderson kuti zifanane ndi za masiku onse, moti umaona mutu waulemu utakhala pa thupi la chimphepo. Mu 1972 New Gods ndi Forever People zinaimitsidwa pa nambala 11, Mister Miracle inafika pa 18. Anauzidwa kuti apange zina, ndipo anapangadi: Kamandi, mnyamata wotsala yekha m'dziko lolamulidwa ndi nyama, The Demon, OMAC. Mu 1975 anabwerera ku Marvel, kumene anapanga Eternals n'kulembanso Captain America ndi Black Panther, koma owerenga ena achinyamata ankawaona ngati achikale. Mu 1978 anasiya n'kulowa ntchito ya makatuni a pa TV, monga Thundarr the Barbarian. Kumeneko, ali ndi zaka zoposa 60, ndi kumene anayamba kulandira malipiro abwino ndi inshulansi ya kuchipatala. Mathero a nkhani ya New Gods a DC anadzawalola kuwalemba mu 1985 m'buku la The Hunger Dogs, koma nkhani imene inafunika zaka anaipanikiza m'buku limodzi, maso ndi dzanja zitayamba kufooka, ndipo zimaoneka.

Nkhondo yawo yomaliza inali ya mapepala. M'zaka za m'ma 1980 Marvel inayamba kubweza kwa ojambula masamba oyambirira a ntchito zawo zakale. Ena onse anapatsidwa kafomu kakafupi koti asaine. A Kirby okha anatumiziridwa chikalata cha masamba anayi chowauza kuti avomereze kuti analibe umwini uliwonse pa zimene anapanga, posinthana ndi masamba 88 okha, mwa masamba oposa 10,000 amene anajambulira kampaniyo. Anakana kusaina. Ojambula ndi olemba anzawo anaima nawo, magazini ya The Comics Journal inaikokera nkhaniyo poyera, ndipo mu 1987 Marvel inafewetsa chikalatacho n'kubweza masamba pafupifupi 2,000. Ambiri mwa otsalawo anali atasowa kale m'nyumba zosungiramo katundu. Ku DC zinayendako bwino pang'ono: akuluakulu a kampaniyo, a Jenette Kahn ndi a Paul Levitz, anawapatsa ntchito yokonzanso maonekedwe a Darkseid ndi anzake kuti apangire zidole za Super Powers, njira yoti alandireko gawo la phindu pa anthu amene anawalenga.

Anamwalira pa 6 February 1994 kunyumba kwawo ku Thousand Oaks, California, ali ndi zaka 76. A Roz anatsatira mu 1997. Mu 2009 kampani ya Disney inagula Marvel pa madola pafupifupi 4 biliyoni, ndipo chaka chomwecho ana a Kirby anapereka zikalata zofuna kutenganso umwini wa ntchito za bambo awo za pakati pa 1958 ndi 1963. Khoti loyamba linagamula mokomera Marvel mu 2011, la apilo linavomereza mu 2013, ponena kuti inali ntchito yolembedwa ganyu. Banjalo linapita ku Supreme Court, ndipo pa 26 September 2014, kutatsala masiku ochepa kuti oweruza akambirane ngati angaumve mlanduwo, mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti. Kuchokera pamenepo mabuku a Fantastic Four, X-Men, Hulk ndi ena amalemba kuti anawalenga ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, ndipo mu 2017, chaka chimene akanakwanitsa zaka 100, Disney inawaika pamndandanda wa anthu ake olemekezeka.